Mmene Demokalase Inagwera ku Germany ndi Chidani pa Ayuda

Boma la demokalase lomwe linakhazikitsidwa ku Germany nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha linakhala zaka 14 zokha, kuyambira 1919 mpaka 1933. Olemba mbiri amalitcha boma la Weimar, potengera tauni yomwe aphungu anakumanako polemba malamulo oyendetsera dzikolo. Silinagwetsedwe ndi asilikali olanda boma usiku, ndipo chipani cha Adolf Hitler sichinapezepo mavoti ofika theka pa chisankho chilichonse chomwe zipani zinapikisana. Ulamuliro unachita kuperekedwa m'manja mwake ndi akuluakulu a boma, anthu amene analumbira kuteteza malamulo koma mumtima sanavomereze kuti munthu wamba angasankhe womulamula. Pambali pa nkhaniyi panayenda ina yakale kwambiri, ya chidani pa Ayuda, ndipo ziwirizi zinalukana moti n'kovuta kufotokoza imodzi osakhudza inzake.

Mizu ya ulamuliro wa aphungu

Ajeremani sanayambe kuvota mu 1919. Mu 1848, pamene anthu a m'maiko ambiri a ku Ulaya anaukira mafumu awo, aphungu ochokera m'zigawo zonse zolankhula Chijeremani anasonkhana m'tchalitchi cha Paulskirche mumzinda wa Frankfurt. Analemba malamulo opatsa nzika ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wopembedza, ndipo mmodzi mwa omwe anatsogolera zokambiranazo anali Gabriel Riesser, loya wachiyuda. Atamaliza anapempha mfumu ya Prussia, Friedrich Wilhelm IV, kuti ikhale mfumu ya Germany yonse pansi pa malamulowo. Iyo inakana, chifukwa sinafune ufumu wopatsidwa ndi anthu wamba, ndipo pofika 1849 msonkhanowo unali utabalalika.

Dzikolo linadzagwirizana mu 1871 kudzera m'nkhondo zomwe Otto von Bismarck anatsogolera. Ufumu watsopanowo unali ndi nyumba ya malamulo yotchedwa Reichstag, yosankhidwa ndi mwamuna aliyense wa zaka 25 kupita m'tsogolo, chinthu chomwe ngakhale Britain inali isanachifikire. Koma nyumbayo inali ndi malire. Chansela, yemwe anali mkulu wa boma, ankasankhidwa ndi kuchotsedwa ndi mfumu, ndipo asilikali ankamvera mfumu yokha. Ku Prussia, chigawo chachikulu koposa, ovota ankagawidwa m'magulu atatu molingana ndi msonkho umene ankapereka, kotero kuti olemera ochepa a gulu loyamba ankalemera mofanana ndi khamu lonse la gulu lachitatu.

Ngakhale zinali choncho, anthu anazolowera zipani, misonkhano ndi manyuzipepala otsutsa. Pa chisankho cha 1912 chipani cha SPD, cha anthu apantchito, chinapeza pafupifupi voti imodzi mwa atatu alionse n'kukhala chachikulu m'nyumba ya malamulo. Chomwe zipanizi zinalibe ndi luso loyendetsa boma: zinaphunzira kudzudzula, koma sizinasenzepo udindo. Makhoti, asilikali, mayunivesite ndi maofesi a boma zinali m'manja mwa gulu lina, la eni minda ikuluikulu ndi mabanja apamwamba, lomwe linkaona aphungu ngati anthu ongolongolola.

Chidani chakale

Ayuda anakhala m'mizinda ya m'mbali mwa mtsinje wa Rhine kwa zaka zoposa 1,000, ndipo nthawi yambiri anakhala mwamantha. Mipingo inkaphunzitsa kuti Ayuda onse, a m'badwo uliwonse, ali ndi mlandu wa imfa ya Yesu, chiphunzitso chomwe Mpingo wa Katolika unadzachikana poyera mu 1965. Msonkhano waukulu wa mpingowo wa mu 1215 unalamula kuti Ayuda azivala mosiyana ndi Akhristu. Ankaletsedwa kukhala ndi minda ndi kugwira ntchito zambiri zamanja, n'kutsala ndi malonda ang'onoang'ono ndi kukongoza ndalama, kenako anthu omwewo amene anawatsekera njira zina ankawanena kuti ndi okonda ndalama. Mliri waukulu utagwa mu 1348 ndi 1349, kunafalikira mphekesera yoti Ayuda athira poizoni m'zitsime, ndipo ku Strasbourg mazana a iwo anatenthedwa. Ku Frankfurt anatsekeredwa mumsewu umodzi wokhala ndi zipata kuyambira 1462. Martin Luther, yemwe poyamba ankayembekeza kuti Ayuda atembenuka, analemba mu 1543 buku lowanyoza kwambiri, lomwe a Nazi, otsatira a Hitler, anadzaligwiritsa ntchito patapita zaka pafupifupi 400.

M'zaka za m'ma 1800 zinthu zinasintha. Malamulo a 1869 ndi 1871 anapatsa Ayuda ufulu wofanana ndi nzika zina, ndipo ambiri analowa udokotala, uloya, utolankhani ndi sayansi. Paul Ehrlich anapeza mankhwala oyamba ochiza chindoko, Albert Einstein anadzagwira ntchito ku Berlin. Ayuda ambiri ankadziona kuti ndi Ajeremani a chipembedzo chachiyuda, monga momwe ena anali Ajeremani achikatolika.

Ufuluwo utangobwera, chidani chinasintha nkhope. Chuma chitagwa mu 1873, olemba ena analoza chala Ayuda. Mu 1879 mtolankhani Wilhelm Marr anayambitsa bungwe lolimbana nawo, ndipo Adolf Stoecker, mlaliki wa kunyumba ya mfumu, anayamba kuwanyoza pa misonkhano ya ndale. Chatsopano chinali chakuti tsopano vuto ankaliika m'magazi. Kale Myuda akabatizidwa ankalandiridwa, ngakhale monyinyirika. Pa chiphunzitso chatsopanochi panalibe ubatizo kapena khalidwe lomwe likanamupulumutsa, popeza mlandu wake unali kubadwa. Anthu oposa 200,000 anasaina chikalata chopempha chansela Bismarck kuti achepetse ufulu wa Ayuda, ndipo mu 1892 chipani chachikulu cha osunga mwambo wa ufumu chinaika mfundo zotsutsa Ayuda m'ndondomeko yake. Zipani zing'onozing'ono zomwe zinkangodalira chidanichi sizinapite patali pa chisankho, koma maganizo ake anakhazikika m'mabungwe a ophunzira, a alimi ndi a asilikali. Ku Prussia, Myuda wosabatizidwa sankatha kukhala ofisala wa asilikali.

Izi sizinali za Germany yokha. Ku France, ofisala wachiyuda Alfred Dreyfus anamangidwa mu 1894 pa mlandu wabodza woulula zinsinsi za boma. Ku Russia Ayuda ankaphedwa ndi magulu a anthu apolisi akungoyang'ana, ndipo kumeneko n'kumene kunatulukira mu 1903 chikalata chopeka chonena kuti atsogoleri a Ayuda ali ndi chiwembu cholamulira dziko lonse. Nyuzipepala ya The Times ya ku London inaonetsa mu 1921 kuti chinali chabodza, koma chinapitirira kusindikizidwa. Ku Vienna, kumene Hitler anakhala ali mnyamata, Karl Lueger anakhala meya kuyambira 1897 mpaka 1910 atakopa ovota ndi mawu onyoza Ayuda.

Nkhondo ndi bodza lomwe inabala

Ayuda pafupifupi 100,000 anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku mbali ya Germany, ndipo pafupifupi 12,000 anafa. Komabe mu Okutobala 1916 unduna wa zankhondo unalamula kuti Ayuda onse a m'gulu la asilikali awerengedwe, pofuna kuona ngati ankazemba kupita kutsogolo. Zotsatira zake sizinalengezedwe nkhondo ili mkati, ndipo mphekesera inatsala ili yamoyo.

Kumapeto kwa Sepitembala 1918, akulu a asilikali, Erich Ludendorff ndi Paul von Hindenburg, anauza mfumu kuti nkhondo yawakanika ndipo pafunike kupempha mtendere msanga. Anaonetsetsanso kuti opempha mtenderewo akhale andale a m'nyumba ya malamulo, kuti manyazi a kugonja agwere iwo. Asilikali apamadzi anaukira ku Kiel, mfumu Wilhelm II inachoka pampando pa 9 Novembala, ndipo Friedrich Ebert wa SPD, yemwe anaphunzira ntchito yosoka zishalo za akavalo, anatenga utsogoleri. Patapita masiku awiri Matthias Erzberger, phungu wa chipani cha Akatolika, anasaina pangano losiya kumenyana.

Anthu wamba anali akuuzidwa kwa zaka zinayi kuti akupambana, ndipo nkhondo inatha asilikali awo akadali m'nthaka ya France ndi Belgium. Ku Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, yemwe nkhondo yake inachititsa kuti amuna ambirimbiri a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia atengedwe kukasenza katundu pa mtengatenga, anatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, ndipo atabwerera ku Berlin anamulandira ngati ngwazi yosagonja. Pa nthaka yotereyi bodza linamera mosavuta: loti asilikali sanagonje kunkhondo, koma anabayidwa kumsana ndi andale, achikomyunizimu ndi Ayuda. Hindenburg mwiniwake analibwereza pamaso pa komiti ya aphungu mu Novembala 1919, akudziwa bwino lomwe kuti ndiye anapempha mtendere.

Pangano la Versailles la pa 28 Juni 1919 linawonjezera mkwiyo. Germany inalandidwa zigawo zina ndi maiko onse omwe inkalamulira kunja, asilikali ake anachepetsedwa kufika 100,000, ndipo inauzidwa kulipira zomwe nkhondo inawononga. Boma la demokalase, lomwe silinayambitse nkhondoyo, ndi lomwe linasaina.

Malamulo abwino, owasunga osawafuna

Pa chisankho cha Januwale 1919 amayi anavota koyamba, ndipo zipani zitatu zofuna demokalase zinapeza pafupifupi mavoti 76 pa 100 alionse. Malamulo oyendetsera dziko, omwe anakonzedwa ndi katswiri wachiyuda Hugo Preuss, anasainidwa pa 11 Ogasiti 1919. Anali m'gulu la malamulo opita patsogolo kwambiri a nthawiyo. Mipando ya m'nyumba ya malamulo inkagawidwa molingana ndi mavoti a chipani chilichonse, zomwe zinali zachilungamo koma zinadzaza nyumbayo ndi zipani zambiri. Maboma a mgwirizano anasinthana pafupifupi ka 20 m'zaka 14. Gawo 48 linapatsa pulezidenti mphamvu yolamula payekha ndi kuimitsa ufulu wa nzika pa nthawi ya chipwirikiti.

Vuto lalikulu linali anthu omwe anatsala m'maudindo. Ebert, poopa kuti achikomyunizimu alanda boma monga anachitira ku Russia, anadalira akulu a asilikali a mfumu ndi magulu a asilikali akale odziyimira okha. Maguluwa anapha atsogoleri achikomyunizimu Rosa Luxemburg ndi Karl Liebknecht mu Januwale 1919, ndipo udani pakati pa SPD ndi achikomyunizimu sunathenso. Mu Malichi 1920 magulu omwewo analanda Berlin motsogozedwa ndi Wolfgang Kapp, Lettow-Vorbeck ali kumbali yawo. Akulu a asilikali anakana kuwathira nkhondo. Chomwe chinapulumutsa boma ndi anthu apantchito, omwe ananyanyala ntchito dziko lonse mpaka oukirawo anathawa patangopita masiku ochepa. Umenewu ndi umboni woti demokalaseyi inali ndi eni ake okonzeka kuiteteza.

Erzberger anaphedwa mu 1921. Walther Rathenau, nduna ya zakunja yemwe anali Myuda, anawomberedwa m'galimoto yake ku Berlin pa 24 Juni 1922. Katswiri wa masamu Emil Gumbel anawerenga anthu ophedwa pa zifukwa za ndale m'zaka zoyambirirazi ndipo anapeza kuti 354 anaphedwa ndi magulu a mbali ya asilikali ndi ufumu, pamene 22 anaphedwa ndi a mbali ya chikomyunizimu. Oweruza anapereka zilango zowawa, kuphatikizapo imfa, kwa gulu lachiwirili, koma ambiri a gulu loyamba sanalangidwe n'komwe. Khoti likamalanga mosankha chotere limakhala likuuza akupha kuti apitirize, ndipo iwo anamva.

Mu 1923 asilikali a France ndi Belgium analowa m'chigawo cha mafakitale cha Ruhr chifukwa Germany inachedwa kulipira. Boma linasindikiza ndalama mosaleka, ndipo pofika Novembala dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi mamaki 4.2 thiriliyoni. Aphunzitsi, opuma ntchito ndi eni masitolo ang'onoang'ono anaona zosunga za moyo wawo wonse zikusanduka mapepala. Gustav Stresemann, mmodzi mwa atsogoleri a boma, anabweretsa bata: ndalama yatsopano, ngongole zochokera ku America, ndi ubale wabwino ndi France. Zaka za 1924 mpaka 1929 zinali zamtendere ndithu. Koma Ebert atamwalira mu 1925, ovota anasankha Hindenburg kukhala pulezidenti, ndipo mphamvu za gawo 48 zinagwera m'manja mwa msilikali wokalamba amene mtima wake unali kwa mfumu.

Chitsanzo cha Italy

Chifasisiti chinayambira ku Italy. Benito Mussolini anakhazikitsa gulu lake ku Milan mu Malichi 1919. Chiphunzitso chake chinali chakuti fuko lili ngati thupi limodzi lofunika mtsogoleri mmodzi, kuti zipani ndi zisankho zimagawa anthu, ndiponso kuti chiwawa chimayeretsa dziko. Anyamata ake ovala malaya akuda ankamenya atsogoleri a apantchito ndi kutentha maofesi awo, mothandizidwa ndi eni minda komanso apolisi. Mu Okutobala 1922 anaguba kulowera ku Rome. Asilikali akanatha kuwabweza, koma mfumu Victor Emmanuel III inakana kusaina lamulo lowatumiza, ndipo inaitana Mussolini kudzakhala nduna yaikulu. Iye anafika pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Milan. Phungu wotsutsa Giacomo Matteotti ataphedwa mu 1924, zipani zina zonse zinathetsedwa m'zaka ziwiri zotsatira. Poyamba chifasisiti cha ku Italy sichinkalimbana ndi Ayuda, moti ena mwa iwo anali mamembala, ndipo malamulo owasala anabwera mu 1938, patatha zaka zitatu dzikolo litaukira Ethiopia.

Kwa Hitler, chidani pa Ayuda chinali pakatikati pa zonse. Anabadwira ku Austria mu 1889, anamenya nkhondo m'gulu la asilikali a Germany, ndipo mu 1919 analowa kachipani kena ku Munich komwe kanadzakhala chipani cha Nazi. Ndondomeko yake ya mu Febuluwale 1920 inanena poyera kuti Myuda sangakhale nzika. Mu Novembala 1923 anayesa kulanda boma ku Munich potsanzira Mussolini, koma apolisi anawombera gulu lakelo n'kulibalalitsa. Pa mlandu woukira boma, oweruza anamulola kulankhula kwa maola ambiri ngati ali pamsonkhano, anamupatsa zaka zisanu, ndipo anakana kumubweza kwawo ku Austria monga lamulo linkafunira. Anatuluka m'ndende ya Landsberg mu Disembala 1924 atalemba gawo loyamba la buku lake, Mein Kampf, komanso atatsimikiza kuti boma adzalitenga kudzera m'chisankho.

Kuchokera pa mipando 12 kufika pa uchansela

Pa chisankho cha 1928 a Nazi anapeza mavoti osakwana 3 pa 100 alionse ndi mipando 12. Chaka chotsatira Stresemann anamwalira, msika wa masheya wa ku New York unagwa, ndipo a ku America anayamba kuitanitsa ngongole zawo. Pofika kumayambiriro kwa 1932 anthu oposa 6 miliyoni anali pa ulova.

Mu Malichi 1930 boma la mgwirizano la Hermann Müller linagwa pa mkangano wa ndalama zothandizira olova. Limenelo linali boma lomaliza lodalira aphungu ambiri. Hindenburg anasankha Heinrich Brüning, yemwe analamulira kudzera mu gawo 48, akudula malipiro ndi kukweza misonkho pakati pa umphawi. Nyumba ya malamulo inakumana masiku 94 mu 1930, koma masiku 13 okha mu 1932. Ulamuliro wa aphungu unali utafooka kale Hitler asanakhale pampando. Mu Julayi 1932 chansela wotsatira, Franz von Papen, anachotsa mwamphamvu boma la Prussia lotsogozedwa ndi SPD, ndipo apolisi ochuluka kwambiri m'dzikomo anachoka m'manja mwa okonda demokalase.

Mavoti a Nazi anakwera kufika 18 pa 100 mu Sepitembala 1930 ndi 37 pa 100 mu Julayi 1932, pamene anapeza mipando 230. Anachokera makamaka kwa alimi ndi anthu a m'matauni ang'onoang'ono a Chipulotesitanti, eni mabizinesi ang'onoang'ono, ogwira ntchito m'maofesi ndi achinyamata. Madera a Akatolika ndi apantchito a m'mabungwe anakana kwambiri. Joseph Goebbels, wofalitsa nkhani za chipanicho, ankakonza uthenga wosiyana kwa gulu lililonse, ndipo asilikali a chipani otchedwa SA ankayambitsa ndewu m'misewu kenako chipanicho n'kulonjeza kubweretsa bata. Achikomyunizimu, potsatira malangizo a ku Moscow, ankaona SPD ngati mdani wamkulu kuposa Hitler.

Ofufuza mbiri ambiri amagwirizana kuti si chidani pa Ayuda chimene chinakopa ovota ochuluka m'zaka zimenezi. Ulova, mantha a chikomyunizimu ndi kutopa ndi zipani zakale zinali patsogolo, ndipo pa misonkhano ina a Nazi ankachepetsa dala nkhani ya Ayuda. Koma izi sizichotsa mlandu. Aliyense ankadziwa zomwe chipanicho chinkanena, popeza nyuzipepala ya Julius Streicher, Der Stürmer, inali ikusindikiza zonyoza kuyambira 1923. Anthu mamiliyoni anaona kuti kuopseza anansi awo achiyuda si chifukwa chokwanira chokanira chipani. Ayuda onse m'dzikomo anali pafupifupi 500,000, osakwana munthu mmodzi pa 100 alionse.

Mu Novembala 1932 mavoti a Nazi anatsika kufika 33 pa 100, ndipo chipanicho chinali ndi ngongole komanso mikangano. Pa nthawi imeneyi ndi pamene Papen, pofuna kubwezera Kurt von Schleicher yemwe anamulanda uchansela, anakumana ndi Hitler kunyumba ya mkulu wa banki ku Cologne pa 4 Januwale 1933. Anakopa Hindenburg kuti Hitler akhale chansela, iye wachiwiri wake, ndipo a Nazi ena awiri okha alowe m'nduna. Papen ndi anzake, monga Alfred Hugenberg mwini manyuzipepala ambiri, ankamuona Hitler ngati waganyu amene adzawalimira munda n'kulipidwa n'kuchoka. Pa 30 Januwale 1933 Hitler analumbira.

Miyezi isanu ndi umodzi

Mmodzi mwa a Nazi awiriwo, Hermann Göring, anapatsidwa apolisi a Prussia, ndipo analemba anyamata zikwizikwi a SA ndi a gulu lina la chipanicho la SS kukhala apolisi othandizira. Pa 27 Febuluwale nyumba ya Reichstag inapsa. M'mawa mwake Hindenburg anasaina lamulo, pogwiritsa ntchito gawo 48, loimitsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wa atolankhani, ndi kulola kumanga munthu popanda mlandu. Lamulo limeneli silinachotsedwe mpaka 1945. Pa chisankho cha 5 Malichi, otsutsa ali m'ndende kapena m'mabisala, a Nazi anapeza 44 pa 100. Ndende yozunzirako anthu ya Dachau inatsegulidwa mwezi womwewo.

Pa 23 Malichi aphungu anafunsidwa kupatsa boma mphamvu yopanga malamulo popanda iwo. Aphungu 81 achikomyunizimu anali atamangidwa kapena kuthawa, ndipo anyamata a SA anadzaza m'makonde. Chipani cha Akatolika ndi zipani zina zapakati zinavomera zitapatsidwa malonjezo apakamwa. Otto Wels anaimirira n'kukana m'malo mwa SPD, ndipo mavoti anali 444 ovomera, 94 okana, onse 94 a chipani chake. Mabungwe a apantchito anathetsedwa pa 2 Meyi, mabuku anatenthedwa ndi ophunzira a m'mayunivesite pa 10 Meyi, ndipo pa 14 Julayi chipani cha Nazi chinakhala chokhacho chololedwa. Mu Juni 1934 Hitler anapha atsogoleri a SA pamodzi ndi Schleicher ndi anthu ena oyandikana ndi Papen. Hindenburg atamwalira pa 2 Ogasiti 1934, asilikali analumbira kumvera Hitler mwiniwake.

Ayuda nawonso anamva msanga tanthauzo la dziko lopanda khoti loti n'kudandaulako. Pa 1 Epulo 1933 a SA anaima pa makomo a masitolo awo kuletsa ogula. Pa 7 Epulo anachotsedwa ntchito za boma, kupatula kwa kanthawi omwe anamenya nkhondo. Malamulo a Nuremberg a mu Sepitembala 1935 anawalanda unzika ndi kuletsa maukwati pakati pa iwo ndi Ajeremani ena, ndipo pambuyo pake anakhudzanso anthu a mtundu wa Aromani ndi anthu akuda. Popeza panalibe njira yoyezera magazi a Chiyuda, boma linkayang'ana chipembedzo cha agogo a munthu, ndipo mabuku a ubatizo a m'mipingo ndi omwe ankapereka umboni. Ntchito yonseyi inkagwiridwa ndi makalaliki, maloya, madokotala ndi aphunzitsi wamba, ndipo ambiri anapindula potenga maudindo, masitolo ndi nyumba za ochotsedwawo.

Ofuna kuthawa anapeza makomo otseka. Maiko 32 anakumana ku Evian mu Julayi 1938 kukambirana za othawawo, ndipo pafupifupi onse anakana kulandira ochuluka. South Africa inali itakhwimitsa kale malamulo ake olowera m'dziko mu 1937. Usiku wa 9 mpaka 10 Novembala 1938, masunagoge mazanamazana anatenthedwa, masitolo anaphwanyidwa, anthu ambiri anaphedwa ndipo amuna pafupifupi 30,000 anatumizidwa kundende zozunzirako anthu. Kenako Ayuda omwewo analamulidwa kulipira chindapusa cha mamaki 1 biliyoni. Pamene nkhondo yachiwiri inkayamba mu 1939, oposa theka la Ayuda a ku Germany anali atachoka.

Nkhondoyo inaika Ayuda mamiliyoni a ku Poland ndi Soviet Union m'manja mwa a Nazi. Kuyambira mu 1941 magulu apadera ankawawombera m'maenje. Ku Babi Yar pafupi ndi Kyiv anapha 33,771 m'masiku awiri. Pa 20 Januwale 1942 akuluakulu a maunduna anakumana ku Wannsee kugwirizanitsa ntchito yosonkhanitsa Ayuda a ku Ulaya konse, ndipo ku Treblinka, Sobibor, Belzec ndi Auschwitz anthu ankaphedwa ndi mpweya wapoizoni. Pofika 1945 Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anali ataphedwa, pafupifupi theka la iwo a ku Poland. Aromani, olumala, akaidi a nkhondo a ku Soviet Union ndi anthu wamba a ku Poland anaphedwanso ochuluka zedi.

Malamulo a 1949

Nkhondo itatha, omwe analemba malamulo a dziko latsopano la West Germany mu 1948 ndi 1949 anali ambiri a iwo andale a nthawi ya Weimar, ndipo anatseka mipata yomwe anaiona ndi maso awo. Gawo loyamba limateteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo ngakhale aphungu onse atagwirizana sangalichotse. Pulezidenti sasankhidwanso mwachindunji ndi anthu ndipo alibe mphamvu ngati za gawo 48. Aphungu sangachotse chansela pokhapokha atasankhiratu womulowa m'malo. Lamulo la chisankho limafuna kuti chipani chipeze mavoti osachepera 5 pa 100 alionse kuti chigawiridwe mipando. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwe linakhazikitsidwa ku Karlsruhe mu 1951, linapatsidwa mphamvu yothetsa chipani chofuna kugwetsa demokalase, ndipo linaigwiritsa ntchito mu 1952 pa chipani cha otsatira a Nazi komanso mu 1956 pa chipani cha chikomyunizimu.